Mwana akamadzilembera yekha magiredi pa fomu ya yunivesite ku America, akopere, asapeke

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi makolo komanso ophunzira amene akukonzekera kupempha malo m'mayunivesite a ku America, kaya mwanayo akuphunzira sekondale komweko kapena ali m'dziko lina. Ife ntchito yathu ndi yothandiza ana kudzaza mafomu amenewa. Pa fomu yonse pali gawo limodzi limene ambiri amalipeputsa, chonsecho ndi limene limatha kulanditsa mwana malo amene anapatsidwa kale. Tikunena gawo lija wophunzira amalemba yekha maphunziro onse amene anatenga ku sekondale pamodzi ndi magiredi amene anapeza.

Njira yakale, imene mayunivesite ambiri akuitsatirabe, ndi yoti sukulu ya sekondale imatumiza yokha transcript ya mwana ku yunivesite. Transcript ndi chikalata cha sukulu chosonyeza phunziro lililonse ndi giredi yake chaka ndi chaka. Koma mayunivesite ena, makamaka akuluakulu a boma amene amalandira mafomu masauzande ambirimbiri, anasintha. Iwo amati mwana alembe yekha zonsezo pa intaneti, amusankhe potengera zimene walembazo, ndipo transcript yeniyeni adzaifune pambuyo pake kwa okhawo amene avomera malo. Phindu lake ndi loonekeratu. Yunivesite imalandira magiredi onse atalembedwa m'njira yofanana, kompyuta n'kuwerengera yokha GPA (avareji ya magiredi onse a mwana), m'malo moti wogwira ntchito azitembenuza mapepala a masukulu osiyanasiyana, iliyonse ndi kalembedwe kake. Mwana naye sadikira ofesi ya sukulu imene ili ndi milu ya zopempha, ndipo kumene kutumiza transcript kumalipitsa, ndalama ija imapulumuka.

Koma anthu amaiwala mbali yachiwiri ya pangano limeneli. Malo amene mwana wapatsidwa mwa njira imeneyi ndi ongogwirizira. Akamaliza kalasi 12, chaka chomaliza cha sekondale ku America, sukulu yake imatumiza transcript yomaliza, ndipo ofesi yolemba ophunzira imaiyika pambali pa zimene iye analemba miyezi ingapo yapitayo, n'kuyamba kufananitsa mzere ndi mzere. Zikasiyana pa chinthu chachikulu, yunivesite ili ndi ufulu wolanda malowo, ngakhale mwana atalipira kale dipoziti ndi kupatsidwa chipinda chogona. Choncho uthenga wathu wonse ndi umodzi: gawo limeneli ndi ntchito yokopera. Si malo odzikometsera, si malo okonza zimene mukuona ngati sukulu inalakwitsa, komanso si malo olemba za pamtima.

Njira zodzilemberazi zilipo zingapo, ndipo wopempha malo m'mayunivesite 8 akhoza kupezeka akulemba magiredi omwewo katatu. University of California, imene ili ndi masukulu 9 olandira ophunzira a digiri yoyamba monga Berkeley, Los Angeles ndi San Diego, ili ndi fomu yakeyake ndipo magiredi amalembedwa m'kati mwa fomuyo. California State University nayo ili ndi yake. Pa Common App, fomu imene mayunivesite oposa 1,000 amagwiritsa ntchito ndipo imatsegulidwa pa 1 Ogasiti, pali gawo lotchedwa Courses & Grades, limene limafunika pokhapokha ngati yunivesite imodzi mwa amene mwana wasankha ikulifuna. Ndiye palinso njira ina yapadera imene kwa zaka zambiri inkadziwika kuti SRAR, ku Florida n'kumatchedwa SSAR, ndipo mu 2025 inasinthidwa dzina kukhala STARS. Mayunivesite monga Rutgers, Penn State, Texas A&M, Virginia Tech, University of Florida ndi Florida State akhala akuigwiritsa ntchito. Mndandanda wa amene amafuna chiyani umasintha chaka ndi chaka, motero osadalira zimene anachita mkulu wake wa mwanayo zaka ziwiri zapitazo. Tsegulani tsamba la yunivesite iliyonse muwerenge zofunika za chaka chimenecho.

Njira ya STARS ili ndi msampha wake umene tiufotokoze msanga. Iyo si mbali ya Common App. Mwana amatsegula akaunti ina, amalemba magiredi kamodzi, kenako ayenera kulumikiza zimene walembazo ku yunivesite iliyonse payokhapayokha. Nthawi zambiri kulumikizako kumachitikira pa tsamba la wopempha malo limene yunivesite imamutsegulira akatumiza fomu, ndipo uthenga wolowera pa tsambalo umatha kufika patapita masiku. Tsono taganizani mwana amene watumiza Common App usiku wa pa 1 Novembala, tsiku limene mayunivesite ambiri amatsekera opempha moyambirira. Iye akugona mtima uli m'malo, koma ku yunivesite fomu yake ikuoneka yosakwanira chifukwa magiredi sanalumikizidwe. Mayunivesite ena amapereka masiku owonjezera a zimenezi, ena ayi. Njira yabwino ndi kumaliza kulemba magiredi mu Seputembala, kutumiza fomu patatsala sabata kapena kuposa, ndi kugwiritsa ntchito imelo imodzi, dzina limodzi ndi tsiku lobadwa lolembedwa molondola paliponse. Dzina likalembedwa mosiyana, mwachitsanzo kwina lili ndi dzina lapakati kwina lilibe, mafayilo awiriwo amatha kulephera kukumana.

Tsopano pa kalembedwe kenikeni. Chinthu choyamba, mwana asanatsegule n'komwe kompyuta, apite ku ofesi ya mlangizi wa pasukulu akapemphe kope ya transcript yake. Siyenera kukhala yodindidwa. Kope wamba ndi yokwanira. Chimene tikukana ndi kukopera kuchokera pa lipoti la teremu kapena pa tsamba limene aphunzitsi amaikapo malikisi tsiku ndi tsiku. Zinthu zimenezi zimasiyana ndi transcript kawirikawiri kuposa mmene makolo amaganizira. Mphunzitsi amatha kusintha giredi teremu itatha, dzina la phunziro pa lipoti limatha kukhala lofupikitsidwa mwa njira ina, ndipo lipoti limaonetsa magiredi a pakati pa semesita amene pa transcript sapezeka. Yunivesite idzafananitsa ndi transcript basi. Amene anasinthapo sukulu atenge transcript ya sukulu iliyonse, ndipo phunziro lililonse alilembe pansi pa sukulu imene analiphunzirako, ngakhale sukulu yatsopanoyo inalikopera pa transcript yake.

Fomu imayamba ndi kufunsa mmene chaka cha sukulu chimagawidwira: masemesita 2, materemu 3, magawo 4, kapena giredi imodzi ya chaka chonse. Apa ndi pamene zolakwika zambiri zimabadwira, chifukwa yankho limeneli ndi limene limatsegula mabokosi olembamo magiredi. Funso loti mudzifunse si lakuti sukulu imatseka kangati pa chaka, koma lakuti pa transcript pali magiredi omaliza angati pa phunziro limodzi. Sukulu ikhoza kupereka malipoti kanayi pa chaka koma pa transcript n'kuikapo magiredi 2 okha. Imeneyo pa fomu ndi ya masemesita. Pali masukulu enanso amene amaphunzitsa phunziro la chaka chonse m'semesita imodzi, maphunziro 4 theka loyamba la chaka, ena 4 theka lachiwiri. Wophunzira wa sukulu yotere akalemba giredi imodzi m'bokosi la semesita osasamala za ma credit (manambala osonyeza kuti phunziro ndi la theka la chaka kapena la chaka chonse), yunivesite imatha kuwerenga ngati anangophunzira theka la chaka, ndipo pa pepala amaoneka ngati sanakwanitse zaka zofunika za Chingerezi kapena masamu. Fomu iliyonse ili ndi malangizo ake a ndondomeko yotereyi, ndipo ndi ofunika kuwawerenga asanalembe phunziro loyamba.

Ma credit nawo akopedwe mmene alili. Masukulu ambiri amapereka 0.5 pa semesita ndi 1.0 pa chaka. Ambiri a ku California amapereka 5 pa semesita ndi 10 pa chaka. Palibe chifukwa chosinthira manambalawa kuti afanane ndi a mnzanu wa sukulu ina.

Chimodzimodzi magiredi. Ngati transcript ikunena 88, lembani 88, osati B+. Ngati ikunena B+, lembani B+ pamene fomu ikulola. Mwana asatenge magiredi a masemesita awiri n'kupeza pakati pake kuti alembe imodzi, ndipo 89.5 asaikankhire pa 90 ngati sukulu sinatero. Amene anapeza C semesita yoyamba ndi A yachiwiri alembe C ndi A. Kulemba B ndi B kumapereka GPA yofanana, inde, koma ndi zosiyana ndi transcript, komanso kumabisa chinthu chimene chikanamuthandiza, chakuti analimbikira n'kukwera.

Kenako pali bokosi la mlingo wa phunziro: wamba, Honors (kalasi yozama ya pasukulu), AP, IB (maphunziro apamwamba amene mayeso ake amachokera ku mabungwe a kunja kwa sukulu) kapena la ku koleji. Apa mayesero amakula, chifukwa mlingo umawonjezera mapointi. Tione mmene University of California imawerengera, poti iwo njira yawo anaiika poyera. Amatenga magiredi a maphunziro ovomerezeka kuyambira tchuthi chachikulu cha pambuyo pa kalasi 9 kufikira tchuthi cha pambuyo pa kalasi 11. A ndi mapointi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0, ndipo zizindikiro za + ndi – sizisintha kanthu. Pa semesita iliyonse ya phunziro la mlingo wapamwamba imene mwana wapeza C kapena kuposa, amawonjezera pointi imodzi, mpaka masemesita 8, ndipo osapitirira 4 a m'kalasi 10. Tiyerekeze wophunzira amene ali ndi magiredi 12: ma A 7, ma B 4 ndi C imodzi. Mapointi ake ndi 28 kuphatikiza 12 kuphatikiza 2, zonse 42. Kugawa ndi 12 kukupereka 3.5. Ngati masemesita 4 mwa amenewo anali a AP, mapointi akhala 46 ndipo GPA ikwera kufika 3.83. Mwaona kukula kwa kusiyanako. Ndiye mwana akachonga Honors pa phunziro limene transcript sikulitchula choncho, chabe chifukwa mphunzitsi ankati kalasi yawo ndi ya ochita bwino, wadzikwezera GPA mwachinyengo ngakhale iye sanalinge kunama. Tiwonjezere kuti kwa ophunzira a kunja kwa California, yunivesiteyi sipereka pointi yowonjezera pa Honors ya pasukulu. Imapereka pa AP, IB ndi maphunziro ovomerezeka a ku koleji. Malire olowera ndi GPA ya 3.0 kwa okhala mu California ndi 3.4 kwa ena onse, ngakhale kuti kufika pa malire sikutanthauza kuti malo apezeka.

Vuto limene timaliona lowawa kwambiri ndi la giredi yoipa. Mwana analephera Chemistry m'kalasi 10, anapeza D kapena F, kenako anabwereza pa tchuthi n'kupeza B. Mtima umamuuza kuti alembe B yokhayo, ndipo makolo ena amamulimbikitsa kutero. Ayi ndithu. Zonse ziwiri zilembedwe, iliyonse m'chaka ndi m'teremu yake. Chomvetsa chisoni n'chakuti kubisako nthawi zambiri kulibe ndi phindu lomwe. Ku University of California, D kapena F ikabwerezedwa, giredi yatsopano ndi imene imalowa mu GPA, koma amafunabe kuona zonse ziwiri. Ndiye kuti mwana amene wabisa F sanapindule pointi iliyonse, wangodzitchera msampha wa mu Julayi, pamene yunivesite idzafananitse ndi transcript yomaliza. Chimodzimodzi phunziro limene analisiya pakati, ngati transcript ili ndi chizindikiro chakuti anasiya, ndi phunziro limene linangolembedwa kuti wakhoza popanda chilembo. Ngati pali chifukwa chomveka cha giredi yotsikayo, monga matenda, maliro kapena kusamuka, mafomu ali ndi malo ofotokozera. Pa fomu ya University of California, bokosi la ndemanga m'gawo la maphunziro limalola zilembo 550, osati mawu 550, kotero pamafunika ziganizo zitatu kapena zinayi zolunjika: chinachitika n'chiyani, liti, ndipo magiredi anabwerera liti m'malo mwake.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, kumene mwana amadzibera yekha. Ambiri ku America amatenga Algebra I kapena chaka choyamba cha Spanish kapena French ali m'kalasi 7 kapena 8, asanalowe sekondale. Mafomu ali ndi malo a maphunziro amenewa, koma ana amawadumpha poganiza kuti za ku sukulu yam'munsi zilibe ntchito. University of California imafuna maphunziro 15 a chaka chathunthu m'magulu amene amawatcha A mpaka G: zaka 2 za mbiri ndi za chikhalidwe cha anthu, 4 za Chingerezi, 3 za masamu, 2 za sayansi, 2 za chilankhulo china, chaka chimodzi cha luso monga kujambula, nyimbo kapena zisudzo, ndi chimodzi cha phunziro lowonjezera. Mwa 15 amenewa, 11 ayenera kutha mwana asanayambe chaka chomaliza. Wosiya kulemba masamu a m'kalasi 8 amaoneka ngati ali ndi zaka zochepa za masamu kuposa zimene alidi nazo. Maphunziro a pa tchuthi ndi a pa intaneti amaiwalikanso chimodzimodzi.

Maphunziro a ku koleji amene mwana amatenga adakali ku sekondale amafuna kusamala kwapadera. Kolejiyo iyenera kulembedwa ngati sukulu ina imene anaphunzirako, ndi dzina ndi nambala ya phunziro mmene zilili pa transcript ya kolejiyo. Osalemba phunziro limodzi kawiri, kwina ngati la sekondale kwina ngati la koleji, pokhapokha fomu itanena kutero. Ndipo kumbukirani kuti pamapeto padzafunika transcript yochokera ku kolejiko, imene mwana amayenera kuitanitsa yekha, nthawi zina molipira. Sukulu ya sekondale siingamutumizire.

Kalasi 12 ndi nkhani ina. Pa nthawi yotumiza fomu magiredi ake amakhala asanatuluke, ndiye mwana amangolemba maphunziro amene akutenga ndi amene adzatenge semesita yachiwiri. Pa fomu ya University of California amaika IP pa limene lili m'kati ndi PL pa limene likubwera. Ana ambiri amaona ngati apa palibe chowagwira. Komatu mndandanda umenewu ndi lonjezo. Yunivesite inamusankha poona kuti chaka chomaliza akulimbana ndi AP Calculus ndi Physics. Akafika mu Januwale n'kusiya Calculus kuti apumeko, osauza aliyense, transcript ya mu Juni idzaulula. Lamulo lathu ndi ili: asanasinthe phunziro lililonse la chaka chomaliza, alembere kaye ofesi yolemba ophunzira ya yunivesite iliyonse imene anapemphako malo, afotokoze chifukwa chake, ndipo yankho lolembedwa alisunge. Safunsa anadya phula. Maofesi amenewa amamva msanga mwana amene wabwera yekha mu Febuluwale kusiyana ndi amene amugwira mu Julayi. Kalata yopereka malo imabweranso ndi zoyenera kukwaniritsa pa magiredi a chaka chomaliza, ndipo kawirikawiri D kapena F imaika malo pachiswe. Kalata imeneyo iwerengedwe yonse, osati mzere woyamba wokha wa chisangalalo.

Kwa amene aphunzira sekondale kunja kwa America, choyamba ndi kuona ngati yunivesiteyo ikufuna kuti adzilembere. Ena amawachotsa pa lamuloli n'kupempha zikalata za sukulu mwachindunji, ena amafuna aliyense alembe. University of California imafuna aliyense. Amene akulemba asatembenuze malikisi awo kukhala A, B, C za ku America, ngakhale atapeza tebulo lotembenuzira pa intaneti. M'maiko ambiri 70 pa 100 ndi kukhoza kwapamwamba, pamene pa sikelo wamba ya ku America ndi C yotsika. Mwana akadzitembenuzira yekha akhoza kudzitsitsa kapena kudzikweza, ndipo zonse ziwiri ndi zolakwika. Asankhe sikelo ya sukulu yake, alembe manambala kapena zilembo mmene zilili, ntchito yomasulira aisiyire yunivesite, poti ili ndi anthu odziwa maphunziro a maiko osiyanasiyana. Asamalenso pogwirizanitsa zaka: kalasi 9 mpaka 12 ndi zaka 4 zomaliza mwana asanalowe yunivesite, ndipo m'dongosolo la ku England la zaka 13, Year 10 ndi imene imafanana ndi kalasi 9. Zotsatira za mayeso a bungwe loyesa, monga IGCSE ndi A Level, zili ndi gawo lawolawo ndipo zisasakanizidwe ndi malikisi a mphunzitsi a pa teremu. Magiredi oyembekezeka alembedwe pokhapokha ngati sukulu ndiyo yawapereka, osati zimene mwana akulota. Kwa wophunzira wochokera kunja, kulandidwa malo kumapweteka kawiri, chifukwa chikalata cha I-20 chimene amapezera viza ya ophunzira ya F-1 chimachokera ku yunivesite yomweyo. Malo akapita, chikalatacho chimatha ntchito, ndipo $350 ya SEVIS (kaundula wa boma la America wa ophunzira ochokera kunja), $185 yopemphera viza ndi tikiti ya ndege zimakhala zitalipiridwa kale.

Wina afunsa kuti kodi kulakwitsa pang'ono kulanditsa malo? Kawirikawiri ayi. Maofesi amasiyanitsa chala choterereka ndi chinyengo. Kulemba B pamene panali B+ kapena kulakwitsa chilembo m'dzina la phunziro si zimene amathamangitsira munthu. Chimene chimawadzutsa ndi zolakwika zimene zonse zikupendekera mbali yokomera mwana: C itasanduka B apa, F itasowa apo, phunziro wamba litasanduka Honors. Koma ngakhale kulakwitsa kochepa, mwana akakuzindikira atatumiza kale, asakhale chete n'kumapemphera kuti asakuone. Mafomu ambiri amatsekeka akatumizidwa, ndiye njira ndi kulembera ofesi kapena kugwiritsa ntchito malo okonzera pa tsamba la wopempha. Uthengawo ukhale waufupi: dzina lonse, nambala ya fomu, phunziro, chaka ndi teremu, chimene chinalembedwa, ndi chimene chili pa transcript.

Makolo, gawo lanu lilipo, koma si kudzaza fomu. Amene amasayina kuti zonse ndi zoona ndi mwana, ndipo mlandu udzakhala wake. Chimene mungachite ndi kukhala naye pansi akamaliza kulemba, fomu isanatumizidwe. Inu gwirani transcript, rula ili pansi pa mzere umene mukuwerenga, muziwerenga mokweza: "Kalasi 10, semesita yoyamba, Geometry, B, 0.5." Iye maso pa kompyuta, akuvomera kapena kukonza. Mukatha, sinthanani: iye awerenge za pa kompyuta, inu mufufuze pa pepala, kuti mugwire phunziro limene lalembedwa kawiri kapena limene palibe pa transcript. Pomaliza werengani chiwerengero cha maphunziro chaka chilichonse mbali zonse ziwiri. Ngati pepala lili ndi 7 ndipo fomu ili ndi 6, lina latsala. Zaka 4 zikhoza kukhala ndi magiredi 50 kapena kuposa, choncho ntchitoyi isachitike pa foni kapena pakati pa usiku wa tsiku lotsekera. Mukatumiza, sungani kope ya zonse zimene zalembedwa. Mu Juni mudzaifuna.

Sitikunena kuti dongosololi ndi langwiro. Ife timaona kuti mayunivesite anatula katundu wa ofesi pa mutu wa mwana wa zaka 17, ndipo amene amavutika kwambiri ndi amene sukulu yake ili ndi mlangizi mmodzi wa ana mazanamazana, kapena amene makolo ake sanaonepo fomu yotere. Kulembetsa mwana magiredi omwewo pa njira zitatu zosiyana, iliyonse ndi malamulo ake, ndi kuchulukitsa mwayi wolakwitsa popanda chifukwa. Akanagwirizana pa njira imodzi. Koma poti sizinatheke, wopempha malo ayenera kutsatira malamulo a fomu imene ili patsogolo pake, osatengera za fomu ina.

Chomaliza ndi transcript yomaliza ija, chifukwa ngakhale amene analemba zoona zokhazokha amatha kugwa pamenepa. Mayunivesite ambiri amafuna mwana avomere malo pofika pa 1 Meyi. Akatero, iye ndi amene ayenera kupempha sukulu yake kuti itumize transcript yosonyeza magiredi onse ndi tsiku limene anamaliza. Sizichitika zokha paliponse. Ku University of California tsiku lomaliza ndi 1 Julayi, ndipo zotsatira za mayeso monga AP ndi IB zimafunika pofika pa 15 Julayi. Mu 2017, sukulu yawo ya Irvine inalanda malo kwa ophunzira pafupifupi 500 patangotsala miyezi iwiri kuti maphunziro ayambe, ndipo oposa theka mwa iwo nkhani yake inali ya ma transcript, osati magiredi oipa. Anthu atadandaula kwambiri ambiri anabwezeredwa malo, koma palibe kholo limene lingafune kudalira chifundo chotero. Pempho la transcript lipite ku ofesi ya sukulu mu Meyi, aphunzitsi ndi alangizi asanabalalike kupita ku tchuthi. Kenako mwana aziyang'ana tsamba lake la ku yunivesite sabata iliyonse mpaka pataoneka chizindikiro chakuti yalandiridwa. Sukulu kunena kuti "tatumiza" n'kosakwanira. Afunse tsiku limene inatumizidwa ndi njira imene inadzera, ndipo pakatha masabata awiri isanaoneke, aimbire ofesi yolemba ophunzira ali ndi nambala yake ya fomu m'manja.

Ndife,
Alangizi a ophunzira opempha malo m'mayunivesite